Anawasiya Pansi pa Msau

Nelly Mphande anafika ku Feira mu Januwale 1978, atakhala pamwamba pa matumba a mchere kumbuyo kwa lole. Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo ankaphunzira utolankhani pa koleji ina ku Lusaka. Chaka chomaliza wophunzira aliyense ankapita ku atachimenti, kukaphunzirira ntchito pamalo ena, miyezi inayi. Anzake analimbirana malo ku nyuzipepala ndi ku wailesi. Iye anagona ndi malungo sabata yolembetsa, ndipo atadzuka anapeza kwatsala malo amodzi amene aliyense anawakana: kabungwe ka mipingo kosamalira nkhalamba, kotchedwa Tisamale Akulu, kumalire kumene kunkamveka mfuti.

Ofesi yake inali chipinda chimodzi kuseri kwa tchalitchi, chodzaza mabulangete ndi fungo la sopo. Woyang'anira anali a Whiteson Nyangu, mphunzitsi wopuma, wamtali ndi wachifuwa chosatha. Anamupatsa makina otaipira ndi kamera yakale.

"Nchito yako ni kulemba," anatero a Nyangu. "Amene amatitumizira mabulangete ali kutali, sanaonepo Zambezi. Ukalemba bwino, atumiza. Ukalemba zozizira, nkhalamba zigona ndi mphepo mu Juni. Wamva?"

"Ndamva, abambo."

Mwezi woyamba analemba za nkhalamba za pafupi ndi boma. Chinsenga ankachidziwa kuchokera kwa mayi ake, Chikunda ankangotolako, choncho akulu ankamuseka nʼkumukonda. Chakumapeto kwa Febuluwale a Nyangu anabwereka Landirova ya mishoni ndipo anapita ku Kavalamanja.

Mudziwo unali m'mbali mwa Zambezi, koma pamadzi panalibe bwato ngakhale limodzi. Kutsidya kunali Rodeshiya, ndipo aliyense wopalasa ankawomberedwa osafunsidwa dzina. Maukonde ankawolera pamitengo. M'phiri la kuseri kwa mudzi munkakhala omenyera ufulu a kutsidyako. Anthu ankangowatchula kuti anyamata, ndipo akamadutsa ndi mfuti zawo, aliyense ankayang'ana pansi ngati wataya singano.

Nyumba yomaliza kumadzulo inali ya a Gidiyoni ndi akazi awo a Arminda. A Gidiyoni anapalasa bwato zaka makumi anayi, kuwolotsa anthu ndi nsomba zouma kupita ku Zumbo. Manje miyendo yawo inali itafa. Ankakhala pachikopa cha mbuzi pakhonde, mapewa akadali otambalala, miyendo yowonda itapindika pansi pawo. A Arminda anali aang'ono thupi, obadwira ku Zumbo, ndipo ndiwo ankawakoka m'mawa kuwatulutsa panja ndi kuwabweza madzulo. Mwana wawo wamwamuna anamwalira kalekale, wamkazi anakwatiwa ku Kitwe nʼkusiya kulemba makalata.

Nelly anagwada nʼkuwapatsa moni, kenako anapempha kuwajambula.

"Arminda, jekete," anatero a Gidiyoni.

A Nyangu anawerama nʼkunong'oneza Nelly kuti azungu satumiza bulangete kwa munthu wovala jekete, awajambule mmene alilimo ndi malaya ong'ambika.

"Aphunzitsi," anatero a Gidiyoni, "yafa ni miyendo. Makutu akali moyo."

A Nyangu anatsokomola nʼkupita kukaona matayala a galimoto. Nelly anadikira mpaka a Arminda atamanga mabatani onse atatu, ndipo anajambula. Kenako anakhala pansi ndi kabuku kake. A Gidiyoni anamuuza za mvuu imene inawagubuduza pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi, ndiponso za tsiku limene anawolotsa kamtsikana ka ku Zumbo kamene kanasanza ulendo wonse.

"Ni aba," anatero, akuloza akazi awo ndi chibwano. "Ndinati uyu sangathawe, amaopa madzi."

A Arminda anawamenya paphewa ndi chitenje.

Kuseka kunatha pamene munthu wina anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Anali Dismas, mwana wa mng'ono wawo wa a Gidiyoni, bambo wa zaka ngati makumi anayi, amene ankawalimira dimba. Anayang'ana kamera, kenako nʼkuyang'ana phiri.

"Mwajambula chani?"

"Asikulu basi," anayankha Nelly, akuloza agogo Gidiyoni.

"Nanga kumbuyo kwawo kuli chani? Simukuona? Zithunzi izi zipita kuti?"

"Ku bungwe, kenako kwa otithandiza kunja."

"Kunja," anatero Dismas. Anatola khasu lake nʼkumapita.

Patapita masiku khumi, m'mawa wina kuchiyambi kwa Malichi, Nelly akutsuka mano kuseri kwa ofesi anamva ngati mvula ikugunda kumadzulo, chikhalirecho kumwamba kunali koyera. Kenako ndeke ziwiri zinadutsa pansi kwambiri moti nkhuku zinathawira m'tchalitchi. Kugundako sikunaleke tsiku lonse, ngakhale mawa lake. Malole a masoja anapita njira ya ku Kavalamanja, ndipo si onse amene anabwerera. Anthu anayamba kufika pa boma opanda kanthu m'manja, ena atapsa, ena osatha kuyankhula. Ankati ndeke za kutsidya zawotcha mudziwo, ndipo ambiri athawira m'mapiri kulowera ku Mburuma.

Tsiku lachisanu chiyambire nkhondoyo a Nyangu anapakira mabulangete onse amene ankasungira mwezi wa Juni, ndipo iwo ndi Nelly anapita ku sukulu ina ya kudera la Mburuma kumene othawa ankasonkhana. Anthu anali atadzaza m'makalasi ndi pansi pa mitengo. Ntchito ya Nelly inali kulemba mayina a nkhalamba zimene zafika ndi zimene sizikuoneka. Mayina a osaoneka ndiwo ankachuluka. Wothawa ndeke amanyamula mwana, ndipo wotsala amakhala amene sangathamange.

A Arminda anawapeza atatsamira khoma la kalasi, mapazi atakulungidwa nsanza. Anali okha.

"Ambuya, asikulu ali kuti?"

A Arminda anamuyang'ana nthawi yaitali asanamuzindikire. Kenako anafotokoza ndi mawu otsika, osalira. Pamene mabomba anayamba, Dismas anali kudimba ndi banja lake, ndipo anathawira komweko. Iwo anakoka amuna awo pachikopa chija mpaka kunja kwa mudzi, pa mtengo wa msau umene nthambi zake zimafika pansi. Apo mphamvu zinawathera. Anawalowetsa pansi pa nthambi zake zamingazo, nʼkuwasiyira chipanda cha madzi ndi zinangwa ziwiri.

"Anandiuza kuti pita, ukaitane anthu. Ndinati nibwera manje manje. Nditafika kumsewu anthu anandikoka, akuti kumbuyo kuli moto. Tinayenda masiku atatu. Aliyense amene namuuza akuti dikirani."

Nelly asanayankhe anamva dzanja likugwira chikwama chake. Anali Dismas, maso ofiira, mwendo wina womangidwa.

"Ni uyu!" anakuwa. "Uyu ndiye anabwera kujambula phiri! Masiku khumi chabe, ndeke zabwera. Muganiza zinadziwa bwanji?"

Anthu anadzuka pansi pa mitengo. Mayi wina amene anataya ana awiri anayamba kulira mokweza, akuloza Nelly. Wina anatola mwala. Nelly anafuna kunena kuti filimu ikadali m'kamera, sanaitumize kulikonse, koma palibe amene anamupatsa mpata. A Nyangu anadutsa pakati pa anthuwo akutsokomola, anatulutsa kamera m'chikwama, anaitsegula, nʼkusolola filimu yonse padzuwa.

"Iyi," anatero. "Sinachoke mu Feira. Manje yafa. Amene afuna kuponya mwala ayambe ine, ninakuphunzitsani ambiri a inu kulemba dzina."

Mwala sunaponyedwe, koma palibenso amene anapepesa. Kuyambira pamenepo Nelly akafika pagulu anthu ankasiya kukamba. Mayina otsala a nkhalamba anawalemba a Nyangu.

A Arminda sanamuikire kumbuyo pamaso pa anthu. Gulu litabalalika anamukodola.

"Iwe udziwa kulemba. Kaya unabweretsa ndeke kaya sunabweretse, ine sindidziwa. Lembera akulu a masoja. Uwauze kuti pali munthu pansi pa msau, madzi ake ni a masiku awiri."

Nelly anakhala pa desiki ya ana nʼkulemba. Kalata yoyamba anailemba monga anaphunzirira ku koleji, Chingerezi chaulemu chodzaza mawu aatali. Anaing'amba. Yachiwiri inali ya mizere isanu ndi umodzi: dzina la munthu, zaka zake, kuti sayenda, pamene ali, tsiku limene anasiyidwa, ndi pempho la malo a anthu awiri m'galimoto iliyonse yopita kumeneko. A Nyangu anasaina.

Anabwerera ku boma nʼkukaipereka pa kampu ya masoja. Mkulu amene anailandira anali wachinyamata, wosagona masiku ambiri. Anaiwerenga ataimirira.

"Msewu uli ndi mabomba okwirira," anatero. "Dzulo tataya lole ndi anthu anayi. Nikakutumizani lero, mawa wina abwera kundilembera kalata ya inu. Bwerani mawa."

Anapita mawa lake, ndi mkuja wake. Tsiku lililonse ankataipa kalata yatsopano, kusintha nambala ya masiku okha. Ankakhala pamwala panja pa geti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo alonda anayamba kumupatsa tiyi. Tsiku lakhumi ndi chimodzi chichitikire nkhondoyo, mkulu uja anatuluka yekha.

"Mawa tipita kukatenga anzathu. Malo ni awiri. Tikafika muli ndi theka la ola."

A Arminda sakanatha, mapazi anali atatupa mafinya. A Nyangu chifuwa chinali chitawagwetsa. Wodziwa msauwo anali Dismas, amene anamuitanitsa kuchokera ku sukulu ija, ndipo wolembedwa pachilolezo anali Nelly. Anakhala moyang'anizana kumbuyo kwa lole, pakati pawo pali khasu, fosholo ndi bulangete limodzi la bungwe. Lole inkayenda ngati munthu wapansi chifukwa masoja awiri ankatsogola akufufuza msewu. Ulendo wonse Dismas sanamuyang'ane.

Ku Kavalamanja kunatsala zipupa zakuda. Mbuzi zinali zitafa m'makola, ndipo fungo linkalowa mpaka m'kamwa. Chimanga chinali chitakhwima m'minda popanda wokolola. Dismas anatsogola akutsimphina, Nelly akuponda mmene iye waponda monga masoja anawauzira.

Pansi pa msau panali chikopa cha mbuzi ndi chipanda chopanda madzi. Makoko a chinangwa anali ataunjikidwa bwinobwino pambali. Munthu panalibe.

"Atate!" anaitana Dismas. "Atate aakulu!"

Nelly ndiye anaona mkwasa m'dothi, mzere waukulu wa chinthu chokokedwa, ndi mabowo a zigongono mbali zonse ziwiri. Unkalowera kumtsinje. Anautsatira kudutsa m'udzu, kutsika kachigwa, kukweranso. Pena dothi linali losalala pamene munthuyo anagona kupumula. Nelly anayamba kuwerenga mapazi ake koma anasiya atapitirira mazana atatu.

Anawapeza pamchenga, patatsala mapazi ngati makumi awiri kuti afike pamadzi. Anagona chafufumimba, dzanja limodzi litatambasukira kutsogolo. Anali atamwalira masiku angapo, ndipo mbalame zinali zitafikapo kale.

Dismas anagwada. Sanalire mokweza, ankangotulutsa mpweya ngati munthu womenyedwa pamimba. Msoja amene anawaperekeza anayang'ana kutsidya, kenako wotchi yake.

"Pano tili poonekera. Mphindi khumi ndi zisanu."

Anawakulunga m'bulangete nʼkuwanyamula awiriwo kupita kumtunda, kuseri kwa chulu. Sanali olemera. Dismas ankakumba ndi khasu, Nelly nʼkumachotsa dothi ndi fosholo mpaka zikhato zinatuluka matuza nʼkuphulika. Dzenje linafika m'chiuno basi. Msoja uja anakoleka mfuti kumsana nʼkuwathandiza kukwirira, kenako anagubuduzira miyala pamwamba chifukwa cha afisi. Dismas anayamba pemphero koma hutala ya lole inalira asanamalize.

Pobwerera, atadutsa theka la njira, Dismas anayankhula akuyang'ana pansi.

"Kudimba ninamva mabomba. Nyumba yawo inali pafupi, ngati apa ndi mtengo uwo. Ninanyamula ana."



"Amai tikawauze kuti tinawapeza pa msau," anapitiriza Dismas. "Kuti anafa tsiku lomwelo, ndi utsi. Asadziwe kuti anadikira."

Anafika kusukulu kuja mawa lake masana. A Arminda ataona kuti abwera awiri okha anafunda chitenje kumutu. Amayi ena anayamba maliro. Dismas anagwada nʼkunena zimene anakonza, ndipo a Arminda anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anauza aliyense kuti achoke, atsale Nelly.

"Uyu ni mwana wanga, andimvera chisoni," anatero. "Iwe sindiwe wanga. Kamba. Madzi anamwa?"

Nelly anayang'ana zikhato zake zosupuka.

"Anamwa onse, ambuya."

"Chinangwa?"

"Anadya."

"Ndiye sanafe tsiku lomwelo."

"Iyai."

"Munawapeza pati?"

Nelly anawauza zonse: mkwasa, zigongono, malo opumulira, mchenga, mapazi makumi awiri. Za mbalame zokha ndiye sananene. Milomo ya a Arminda inkayenda ngati akuwerenga.

"Masiku anayi kapena asanu," anatero pomaliza. "Anandidikira masiku anayi, ndiye anati uyu sabwera."

"Mwina anangomva ludzu, ambuya."

"Usandinyengerere. Wayamba bwino."

Anafunsa ngati mutu anaulozetsa koyenera, ndi ngati panali pemphero. Nelly anayankha kuti pemphero linayambika. A Arminda anagwedeza mutu nʼkutembenukira kukhoma. Dismas atamva kuti Nelly waulula, anamulavulira pafupi ndi phazi.

Sabata yotsatira a Nyangu, ali chigonere, anamuuza kuti alembe nkhaniyo kuti ipite kwa othandiza, chifukwa mabulangete onse anali atatha ndipo mphepo inali pafupi. Nelly anakataipa masamba anayi. Analemba mayina a nkhalamba khumi ndi zisanu ndi ziwiri zimene zinasiyidwa m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje, ndi zimene zinadziwika za aliyense. Zitatu zinapezeka zamoyo. A Nyangu anawerenga ndi pensulo m'manja. Anafufuta dzina la mudzi, anafufuta anyamata, ndeke ndi masoja, chifukwa kalata yotchula zimenezo sikanadutsa pa positi ya kumalire, ndipo bungwe likanatsekedwa.

"Ndiye anafa ndi chani, abambo?" anafunsa Nelly. "Wowerenga aziti chinawapha nʼchiyani?"

"Lemba kuti mavuto a kuno."

"Mavuto."

"Mwana wanga, ufuna nkhani yako ikhale yoona kapena ufuna ifike?"

Anataipanso. Inatsala tsamba limodzi ndi theka, ndipo inapita.

Masabata otsalawo Nelly ankapita ku sukulu ija Lachiwiri lililonse ndi mchere ndi mankhwala a zilonda. Anthu anazolowera kulandira m'manja mwake osamuyang'ana kumaso. A Arminda ankamulola kuwatsuka mapazi. Zilonda zinapola, koma iwo ankadya pang'ono, ndipo tsiku lililonse ankafunsa ngati msewu watsegulidwa kuti akaone chulucho. Sunatsegulidwe.

Kumapeto kwa Epulo atachimenti inatha. A Nyangu anamulembera lipoti labwino, ndipo anakwera lole ya makala kubwerera ku Lusaka. Ku koleji anzake ankasimba za nduna zimene anazifunsa mafunso. Mphunzitsi wake anawerenga tsamba ndi theka lija nʼkulemba m'mphepete kuti nkhaniyo ikusowa tsatanetsatane. Nelly sanatsutse. Anakhoza mayeso, koma kwa miyezi ingapo ankadzidzimuka galimoto ikaphulitsa utsi mumsewu, ndipo sankatha kumaliza kapu ya madzi popanda kuiika pansi kaye.

Mu Julayi analandira kalata yochokera ku Feira, yolembedwa pamanja. A Nyangu ankati mabulangete mazana awiri anafika pakati pa Juni, ochuluka kuposa chaka china chilichonse, ndipo othandiza ayamikira kalembedwe kake. Ankati a Arminda anamwalira pa 3 Juni ndipo anaikidwa ku Mburuma, chifukwa kumtsinje sikunali kololedwa. Dismas anasamukira kwa akuchikazi ake. Pansi pake anawonjezera kuti riboni ya makina otaipira yatha, ndipo ngati angapeze ina m'tauni aipereke kwa dalaivala wa mishoni, amene amagona ku Kamwala, mu Lusaka momwemo, Lachinayi.

Lachitatu Nelly anayenda masitolo anayi asanaipeze.